Sitima Imene Trailo Anasankha

Zaka makumi atatu ndi zinayi Trailo Dulkanović anakhala akuwakha zingwe pa doko la ku Donji Milanovac. Sitima ikamayandikira, wantchito wa m'sitimamo ankaponya kachingwe kopyapyala kokhala ndi mfundo yolemera kunsonga. Trailo ankakawakha, n'kukoka mpaka chingwe chachikulu chitafika, n'kuchikoloweka pa chitsa chachitsulo. Sitima ikamanyamuka ankamasula. Ntchito yake inali yomweyo basi, koma mmene ankayendera popita kudokoko mukanati mtsinje wa Dunav sungayende iye atadwala.

Sitima zoyera za alendo olemera zinayamba kuchuluka iye ali kale ndi imvi. Zinali zazitali, magalasi okhaokha, pamwamba pake pali anthu a zipewa akumwa vinyo dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe. Trailo ankazidziwa zonse, koma ankazidziwira kunja. Mkati anali asanapondemo, ngakhale kukapempha madzi akumwa. Ankati malo a munthu wa zingwe ndi pamtunda. Zoona zake n'zakuti ankachita manyazi ndi nsapato zake pa makapeti aja.

Chaka chimene anapuma pantchito, mwana wake Brankica, namwino wa ku Vienna, anabwera pa Pasaka ndi mulu wa timabuku ta zithunzi. Anatimwaza patebulo pakati pa mazira ofiira ndi mbale ya tchizi.

"Sankhani, bambo. Masiku asanu ndi atatu, kuchokera ku Budapest mpaka kunyanja. Zolipira musaziganize, zimenezo n'zanga. Mwakhala mukumangira anzanu, ulendo uno ena akumangireni inu."

"Ndikwere basi tsiku lonse kuti ndikakwere sitima yodzadutsa pakhomo panga?" anatero Trailo. "Mwana iwe, ku Vienna amakudyetsani chiyani?"

Anaseka yekha, n'kutembenukira kwa mkazi wake kuti aseke naye. Florika sanaseke. Anali atagwira kabuku kamodzi, chala chili pa mzere wa buluu wosonyeza mtsinje.

"Zimadutsa pakati penipeni?" anafunsa motsitsa.

Trailo anasiya kuseka. Anadziwa pomwepo kuti ulendo uja ulipo.

Florika anabadwira ku Strnjak, kamudzi kamene kanali cha kumtunda kwa tauniyo. Mayi ake, a Persida, anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chaka chotsatira damu lalikulu linatsekedwa kumunsi, madzi n'kuyamba kukwera. Anthu anapatsidwa nthawi yofukula mafupa a abale awo n'kukawaika kumanda atsopano paphiri. Bambo ake a Florika anali kuntchito ku Germany, kalata inawapeza mochedwa, ndipo pofika kwawo anapeza manda ali pansi pa madzi. A Persida anatsala komweko, pakati pa mtsinje, pamene lero pamadutsa sitima zikuluzikulu ndiponso malire a dziko.

Akufa amamva ludzu, ndipo amamwa madzi okhawo amene wawo wawatungira. Chaka chilichonse Florika ankatunga madzi pachitsime, kuphika kabuledi kozungulira, kuimika makandulo atatu pa kathabwa, n'kupita m'mphepete mwa mtsinje dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa likapendeka akufa salandiranso. M'mawa umenewo sankalawa kanthu, ngakhale dontho. Ankathira madziwo akutchula dzina la mayi ake, n'kukankha kathabwako. Ndipo chaka chilichonse kathabwako kankatsetsereka m'mbali mwa gombe n'kukakodwa m'mabango, kutali ndi Strnjak. Florika ankakayang'ana, n'kutaya pansi madzi otsala m'botolo. Ankabwerera kunyumba milomo ili gwa, osamwa mpaka madzulo.

Ali mtsikana anayesapo kupita ndi bwato la msodzi, apolisi a m'malire n'kuwabweza asanafike. Tsopano anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, chiuno cha chitsulo, ndi mtima umene dokotala ankaumvetsera nthawi yayitali osayankhula. Bwato laling'ono sakanalikweranso.

"Koma amayi," Brankica ananenapo nthawi ina, "munthu ali pansi pa mtsinje wonsewu, ludzu lichokera kuti?"

"Iwe ukadzagona m'chipatala chako chija, madzi ali m'mipope ponseponse koma wokupatsa kapu palibe, udzandiuza," anayankha Florika. "Ine posachedwa ndikaonana nawo amayi anga. Ndikawauza kuti chiyani?"

Choncho Trailo anayamba kusankha sitima, ndipo anasankha ngati munthu wa zingwe. Timabuku tija sanatiwerenge. Zithunzi za mabedi akuluakulu, maiwe osambiramo ndi ophika a zipewa zazitali anaziika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera. M'malo mwake anatsikira kudoko ndi kabuku kake kakale ka nthawi za sitima.

Imene Brankica ankaifuna, yatsopano ya makonde agolide, ndi imene anayamba kuikana. Inkadutsa pa Strnjak kusanache, ndiponso antchito ake ankaponya chingwe ngati akugenda galu. Ina inali ndi kaputeni wobwera ndi liwiro, wogunditsa doko mpaka makapu kugwa m'kanyumba ka alonda. Munthu wotero sungamupatse mkazi wa chiuno cha chitsulo. Inatsala Rozalija, sitima yachikalekale poyerekeza ndi zinzake, utoto utayamba kufwifwa kumphuno. Inkafika pa Strnjak cha m'ma teni koloko m'mawa. Kaputeni wake ankaikhazika padoko mwakuti dzira silikanasweka pakati. Ndipo mkulu wa zingwe mmenemo, Gligor wa ku Vidin, ankaponya kachingwe kaja m'manja mwenimweni mwa munthu, kenako n'kukweza chipewa. Zaka khumi ndi zisanu anthu awiriwa anapatsana zingwe, koma mawu amene anayankhulana sakanadzaza tsamba limodzi.

Mpaka apa Trailo anasankha bwino, ndipo zimenezo tisamulande. Analakwitsa pa chipinda.

Anakwera basi kupita ku ofesi ya maulendo ku Negotin atavala jekete la ukwati wa Brankica. Mtsikana wa pa desiki anamuonetsa chithunzi cha sitima: zipinda za pamwamba za makonde, za pakati za mazenera aakulu, ndi za pansi zokhala ndi timazenera tolekezera pamadzi penipeni.

"Cha pansicho," anatero Trailo. "Mbali yoyang'ana gombe lakwathu."

"Agogo, mwana wanu ananena kuti cha khonde. Komanso za pansizi mazenera ake..."

"Mazenera amenewo ndawayang'ana iwe usanabadwe, mwanawe. Munthu atatulutsa dzanja akhoza kusamba m'manja mumtsinje. Lemba."

Mtsikanayo anatsegula pakamwa, anayang'ana nkhope ya mdalayo, n'kulemba. Trailo anabwerera kwawo akudzitama mumtima. Khonde lili m'mwamba ngati denga la tchalitchi, kathabwa koponya kuchokera kumeneko kakanagwa chadodolido. Iye anali atamupezera Florika malo oti angotambasula mkono.

Nkhani inali m'kamwam'kamwa tauni yonse. Kumalo omwera khofi anzake anamulandira ataimirira. "Abwana afika! Tikonze kapeti? Mukamadutsa pano mutiponyereko masiwiti, ife osauka tidzakhala padoko." Brankica atamva za chipinda cha pansi analira pafoni, akuti anzake kuntchito adzati anaumira makolo ake. Trailo anangoti, "Za mtsinje uzisiyire ife."

Florika anakonzeka mwake. M'sutikesi, pansi pa madiresi awiri atsopano, anaikamo botolo la madzi a pachitsime, makandulo atatu, kathabwa ka mtengo wa mtedza kamene Trailo anapala bwinobwino, ndi kabuledi kokulunga m'nsalu yoyera.

Ku Budapest anawalandira ndi timatawulo tofunda ndi vinyo wa thovu. Trailo anayenda pa kapeti monyang'ama. Atawatsegulira chipinda chawo, sanayang'ane bedi, sanayang'ane maluwa. Analunjika pa zenera. Madzi anali pomwepo ndithu, akunyambita galasi, bakha akudutsa molingana ndi mphuno yake. Anafufuza chogwirira. Anapapasa m'mwamba, m'munsi, m'mbali. Panalibe chogwirira, panalibe chotsegulira, koma mabawuti khumi ndi awiri opakidwa utoto. Zenera lolekezera pamadzi silitsegulidwa, ndipo mwana aliyense wogwira ntchito mkati mwa sitima amadziwa zimenezo. Trailo anali ataliona kambirimbiri kuchokera padoko lili chitsekere, n'kumaganiza kuti olemera amaopa mphepo.

Anakhala pansi pabedi. Florika anayang'ana zenera, kenako anayang'ana mwamuna wake. Kuyang'ana kumeneko kunamupweteka Trailo kuposa kutukwanidwa.

Trailo anapita kwa mkulu woyang'anira alendo, bambo waulemu wa tayi. Zipinda za makonde zinali zodzaza zonse. Nanga pamwamba pa sitima? Bamboyo anapepesa kwambiri. Moto wa kandulo suloledwa paliponse m'sitima, ndipo kuponya chinthu mumtsinje n'koletsedwa. Anati akhoza kuwakonzera tebulo la pazenera pa chakudya cha m'mawa tsiku lodutsa pa Strnjak, ndi keke.

Masiku awiri Trailo anadya ngati akutafuna thonje. Ankamubweretsera nsomba yokongoletsedwa ndi timaluwa, mafoloko anayi mbali imodzi, iye osamva kukoma. Pamwamba pa sitima ankaona azimayi achilendo atatsamira pa makonde awo, mawindo ali pululu, ena akugwetsera abakha nyenyeswa mobisa. Chipinda chimene mwana wake anafuna chikanatha ntchito yonse. Anadzitukwana ndi mawu onse amene anaphunzira padoko, ndipo ndi ambiri.

"Musadzivutitse choncho," Florika anamuuza tsiku lachiwiri, atakhala pafupi ndi zenera lija, chikhatho chili pagalasi. "Ndidzawaona pamalopo, ndidzawauza kuti ndinayesa. Zaka zonsezi ndinali ndisanafikepo pafupi chonchi."

Ankanena zomutonthoza, koma Trailo anaona kuti botolo lija walitulutsa m'sutikesi n'kuliika pansi pa pilo.

Za Gligor anaziganizira, inde. Koma kumphuno kwa sitima, kumene kumakhala zingwe, kuli mzere wachikasu umene mlendo sadutsa. Lamulo limenelo Trailo analisunga moyo wake wonse. Anathamangitsapo ana, asodzi, ngakhale wansembe, chifukwa chingwe chikaduka chili chokoka chimadula munthu miyendo. Ndiye iye yemweyo, atavala jekete ngati nduna, akapemphe mnzake kuswa lamulo? Ndiponso anali ndi manyazi. Kuvomera pamaso pa munthu wa zingwe kuti sankadziwa za zenera kunali kolemera kuposa kuvomera kwa wa tayi uja.

Masana a tsiku lachitatu anafika ku Belgrade. Mawa lake linali la Strnjak. Trailo anapezeka ataima pa mzere wachikasu uja, miyendo itamufikitsa yokha, akuonerera mmene akumangira. Wa padoko anaphonya kachingwe kawiri konse.

"Tambasula manja, iwe! Ukuwakha chingwe kapena ukuthamangitsa ntchentche?"

Mawuwo anatuluka okha. Gligor, munthu wamfupi wa mapewa aakulu, anatembenuka, anamuyang'ana kuyambira ku nsapato zopukutidwa mpaka ku tayi, n'kuseka chikhakhali.

"Madala a ku Milanovac! Ndimati munafa! Amene anakulowani m'malo uja amamanga ngati akumanga mbuzi. Ndiye mwaba ndalama za ndani kuti mukwere muno?"

"Za mwana wanga."

"Ndiye bwanji nkhope ili ngati mwameza mbedza? Chakudya chathu sichikukoma?"

Trailo anayang'ana pansi. Kenako anafotokoza zonse, za a Persida, za mabango, za mtsikana wa ku Negotin amene iye anamudula mawu. Za zenera anazinena komalizira, motsitsa. Ankayembekezera kusekedwa, ndipo Gligor anasekadi mpaka kupukuta misozi ndi chipewa.

"Zaka makumi atatu mukuyang'ana sitima, osadziwa kuti... Ayi, madala, mwandipha." Anapuma kaye. "Amayi anga nawonso ankathira madzi, kwathu kumunsiku. Dzina anati ndani?"

"Persida."

"Wa tayi uja amalamula makapeti. Kuno kumphuno amalamula kaputeni, ndipo kaputeni amakudziwani. Zaka zonsezi simunamuphonyerepo chingwe, ngakhale tsiku la mphepo ija. Ndikayankhula naye. Sindikulonjeza."

M'mawa mwake Florika sanapite kukadya. Anavala diresi lakuda lakale, osati atsopano aja, n'kumanga mpango. Nthawi itapitirira naini koloko panalibe amene anabwera. Trailo ankangoyang'ana wotchi ndi mapiri amene ankayamba kuwadziwa. Anaona thanthwe loyera la mbali ya ku Romania, ndipo anadziwa kuti kwatsala mphindi makumi awiri. Ndipo wina anagogoda.

"Amayi, kaputeni akuti zingwe za kumphuno zikufunika kuyenderedwa ndi katswiri," anatero Gligor, nkhope ili yowuma ngati ya wapolisi. "Ndipo akuti katswiriyo sayenda popanda mkazi wake."

Anadutsa nawo m'kanjira ka antchito, Florika pakati, wina mkono uku wina mkono uku. Pa mzere wachikasu Trailo anaima pang'ono, kenako anaudutsa. Kumphuno kunkanunkha girisi ndi chingwe chonyowa, fungo la moyo wake wonse. Gligor anatsegula kachitseko ka m'mbali kamene amatulutsirapo zingwe. Madzi anali pansi pomwepo, mwina mamita awiri.

Mamita awiri ndi ambiri kwa kathabwa ka makandulo. Apa ndi pamene Trailo anavula jekete. Anatenga kachingwe kopyapyala kaja, anakapisa pansi pa kathabwa mbali ziwiri, n'kugwira nsonga zonse m'manja kuti kathabwako kalendewere mosapendeka. Zala zake, zimene zinasokonezeka ndi mafoloko masiku atatu, zinagwira ntchitoyo zokha.

Kulira kwa injini kunatsika. Sitima yonse, ndi alendo ake zana ndi makumi asanu amene ankadya mazira pamwamba, inayamba kuyenda ngati munthu wolowa m'nyumba ya maliro.

"Ndi pano?" anafunsa Gligor.

Trailo anayang'ana thanthwe loyera kumanzere, ndi chigwa cha mitengo ya mtedza kumanja kumene msewu wakale umalowa m'madzi. Koma Florika ndiye anayankha.

"Tchalitchi chinali apo. Manda ndi kuseri kwake. Pang'ono... pano."

Gligor anatchinga mphepo ndi chipewa, Florika anayatsa makandulo, n'kuika kabuledi pakati. Trailo anatsitsa kathabwako pang'onopang'ono mpaka kanakhudza madzi. Anadikira kafunde kamodzi kadutse, kenako anataya nsonga imodzi ya chingwe n'kukoka inayo. Chingwe chinasolokamo bwinobwino, kathabwa n'kutsala kokha pamtsinje, makandulo onse atatu akuyaka.

Florika anagwada, chiuno cha chitsulo chomwecho, palibe amene anayerekeza kumuletsa. Anatsegula botolo n'kuyamba kuthira.

"Amayi. A Persida. Ndine Florika. Awa ndi a pachitsime cha kwathu, ndatunga ndekha. Ndachedwa, amayi. Ndinalibe chokwera."

Mawu ake sanali a mayi wokalamba. Trailo anali asanawamvepo pa zaka makumi anayi za ukwati, ndipo anayang'ana kumbali chifukwa misozi inali itamutsika mpaka m'ndevu. Gligor anali atagwira chipewa pachifuwa.

Kathabwa sikanathamangire kugombe monga kankachitira zaka zonse. Kanatsalira m'mbuyo mwa sitima, pakati pa mtsinje, kakuzungulira pang'onopang'ono pamalo amodzi. Anakayang'ana mpaka timalawi tija tinasowa m'kuwala kwa dzuwa. Pamwamba kaputeni analiza lipenga la sitima kamodzi, motalika, ndipo alendo anaombera m'manja poganiza kuti ndi mbali ya ulendo.

Anamudzutsa Florika awiriwo. M'botolo munali mutatsala madzi pang'ono. Trailo anadikira kuti awataye pansi monga mwa nthawi zonse. Florika anapukuta pakamwa pa botolo ndi nsonga ya mpango, anamwa, anamwanso, mpaka kukhosi kukumveka. Kenako anapatsira mwamuna wake otsalawo.

"Imwani," anatero. "Amayi amwa kale."